KAMBALAME KOGWIRA NCHENCHE NDI TANTHAUZO LA MAINA AKE

Munthu wa ku migodi ya Kitwe kapena Luanshya akapita kukaceza kwao kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, amamva kambalame kena kali kulira m'thengo la mombo ndi misuku. Kaimba malikhweru atatu: loyamba lokwera, laciwiri lotsikirako, lacitatu lotsika ndithu. Ambiri akadziwa ndi mau ake okha, pakuti ndi kakang'ono koposa mpheta. Utali wake ndi masentimita 12 cabe.

Katambala kali ndi mutu wotuwa, maso acikasu, mzere wakuda wopita m'maso, ndi lamba wakuda pacifuwa coyera. Kathazi lamba wake ndi wofiirira, ndipo kali ndi banga lofiirira pansi pa mlomo.

M'Cingelezi timbalame ta makhalidwe otere tichedwa "flycatcher", ndiko kunena "wogwira nchenche". Dzinali linena za nchito yake. Kambalameka katera pa nthambi, kayang'ana uku ndi uku, ndipo kakaona kacirombo kabudukira, nikakagwira m'malere kapena kunsi kwa tsamba. Mlomo wake ndi wophwaphwatika, ndipo m'mbali mwake muli tiubweya touma. Koma dzinalo licepetsa nchitoyo, cifukwa sikadya nchenche zokha ai. Kadyanso mbozi, tiziwala, inswa ndi tizirombo tina tambiri timene tidya masamba a mitengo.

M'mabuku a mbalame dzina lake leni-leni ndi "chinspot batis". Liu loti "chin" ndi cibwano, ndipo "spot" ndi banga. Banga lija lipezeka pa kathazi kokha, cotero mtundu wonse watenga dzina kwa mkazi, monga momwe kwa Acewa mwana akhala wa kwa amake.

Liu loti "batis" ndi la Cigiriki. Zaka zoposa 2,300 zapitazo Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece, analemba liuli pochula mbalame ina yodya mphutsi. M'caka ca 1833 Friedrich Boie wa ku Germany anatola liu lakalelo, nalipatsa timbalame ta kuno. Aristotle sadakaone kambalame ka ku Chadiza, pakuti mitundu yonse ya batis ikhala mu Africa mokha, kumwera kwa cipululu ca Sahara. Akatswiri a masiku ano anaicotsa m'banja la ogwira nchenche eni-eni, naiika m'banja lina, koma kagwiridwe ka cakudya ndi komweko.

Palinso dzina lacitatu la Cilatini, "molitor", kutanthauza wopera. Kakakwiya kapena kuopsedwa kacita phokoso lokhakhala, longa la mwala wopekesa pa mphero. Amai amene anaperapo mawere adzalizindikira msanga.

Cisa cake ndi kambale kakang'ono ka tiluzi ndi udzu, komangidwa ndi ulusi wa kangaude pa phanda la nthambi. Kunja kwake kamatako ndere, kotero kuti cisaco cioneka ngati mfundo ya mtengo. Kawiri-kawiri kaikira mazira 2. Kathazi ndiko kafungatira, ndipo katambala kakabweretsera cakudya. Zimenezi zicitika makamaka m'miyezi ya September, October ndi November, ndiyo nyengo yomwe moto wolusa uononga thengo, ndiponso anthu agwetsa mitengo kuti aoche makala.

Apa ndipo nkhaniyi ikhudza anthu a m'matauni. Makala ambiri amene aphikira pa mbaula m'makomboni acokera ku mitengo ya mombo ndi mtondo, momwe timbalameti tidya ndi kuswana. Mpheta ikhoza kusamukira pa denga la nyumba, koma wogwira nchenche afuna mitengo. Thengo likatha, malikhweru atatu aja nawonso atha.

Cifukwa cake amene atuma makalata ndi ndalama kumudzi acita bwino kuonjezapo mau awiri: kuti ocha makala asiyeko mitengo ina iri ciriri, ndi kuti anyamata a malegeni ndi ulimbo akaleke kambalameka. Nyama yake siikwana ngakhale mbamu imodzi ya nsima, koma kakasiyidwa ndi moyo kagwira tizirombo kuyambira m'mawa kufikira madzulo, osafunsa malipiro kwa kapitao ali yense.