Bambo Gamba, Wansembe Wokumbukira a M'ndende

Munthu wa ku Lobi akagwidwa ndi mbuzi ya mwini, kapena akavulaza mnzake pa mkangano wa malire a dimba, bwalo la milandu n'kumupeza wolakwa, njira yake imalunjika ku ndende ya pa boma la Dedza, kapena, mlandu ukakula, ku Maula mu mzinda wa Lilongwe. Ndipo ngakhale mai wake amayesetsa pa miyezi yoyamba kugulitsa kachewere ndi kabichi kuti apeze ya ulendo wokamuzonda, ndalama zimatha, mvula imagwa, khasu limaitana, kufikira dzina la wandendeyo lileka kumveka pamudzi, monga ngati anaikidwa kale m'manda. Si kuuma mtima ayi, koma umphawi wosanganikirana ndi manyazi. Kodi wopereka chikho wa Farao, amene anagona m'ndende imodzi ndi Yosefe, sanamuiwale mnzakeyo zaka ziwiri zathunthu?

Ndicho chifukwa chake kuyenera kuti ife a kuno kumapiri titchule mwaulemu dzina la Bambo Piergiorgio Gamba, wansembe wa ku Italy wa chipani cha Montfort, chimene chinafika ku Nzama m'boma la Ntcheu m'chaka cha 1901. Ambiri amawadziwa Bambowa ngati munthu wa zosindikiza, pakuti ku Balaka, kumene akhala zaka zambiri, ndiko kwachokera magazini ya The Lamp ndi nyuzipepala ya Mkwaso. Ndiponso ndi makina a kumeneko amene anasindikiza kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 March 1992, nyumba yosindikizirayo n'kuyatsidwa moto pambuyo pake. Koma amene anaimva bwino kalatayo adzakumbukira kuti, pakati pa madandaulo ake, inalirira anthu otsekeredwa osadziwa tsiku limene mlandu wao udzazengedwe. Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1993, andale otchuka anatuluka, dziko linaomba m'manja, ndipo ambiri a ife tinayesa kuti nkhani ya ndende yatha. Bambo Gamba sanaganize chotero, popeza m'zitolokosi munatsalabe amphawi opanda maina, amene sanatuluke ndi nthungululu.

Zimene amapeza munthu wolowa m'menemo si zabodza za anthu oipira boma, pakuti mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, Bwalo Lalikulu linagamula lokha kuti kuthithikana kwa akaidi m'zipinda zopanda mpweya wokwanira ndi nkhanza zosayenera munthu, nililamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka m'miyezi 18. Nsima ya mgaiwa ndi nyemba kamodzi pa tsiku, chifuwa chachikulu ndi mphere, kugona chokhala pakati pa chipinda, pamene akaidi amapatcha shamba, a pa rimandi oyembekezera chilungamo chaka ndi chaka: izi ndizo zimene wansembeyu anazipenya ndi maso ake, nazilemba m'masamba ake kuti ife a kunja tisanene kuti sitinauzidwe.

Koma chimene ine ndimachiyesa chachikulu pa ntchito yao ndi ichi, kuti anazindikira kuopsa kwa tsiku lotuluka. Munthu amene wakhala zaka zisanu akudzuka ndi kugona mwa lamulo la nyapala, akatsegulidwa chipata alibe khobidi, alibe luso, munda wake analima ena, pena banja linatha, ndipo kwao akumuyembekeza ndi chala cholozera. Nkhuku ikangosowa m'mudzi, woyamba kufunsidwa ndi iyeyo, ndipo posakhalitsa njala ndi mnyozo zimubwezera komwe anachokera. Mogwirizana ndi bungwe la Prison Fellowship Malawi, nthambi ya ntchito imene Charles Colson anaiyamba ku America mu 1976 atalawa yekha ndende, Bambo Gamba analimbikira za nyumba ya Half Way House ku Balaka, kumene akaidi otsala pang'ono kumaliza chilango amakakhala miyezi yao yotsiriza, akuphunzira ukalipentala, utelala ndi maluso ena a manja, akupemphera, ndi kuzolowera kuitanidwanso ndi maina ao. Alipo ena amene amadandaula kuti bwanji kudyetsa ndi kuphunzitsa wakuba pamene wobedwa sanabwezeredwe kanthu, ndipo dandaulo limeneli sindilipeputsa, chifukwa mbuzi imodzi kwa mai wamasiye ndiyo fizi ya mwana; komabe wakubayo adzabwera ndithu kumudzi, tifune tisafune, ndipo nkwabwino abwere ndi sowo ndi hamala m'manja kusiyana ndi kubwera ndi mkwiyo wokhawokha. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nyumba ya ku Balaka njaing'ono poyerekeza ndi unyinji wa a m'ndende, ndipo ambiri mwa ana a ku Lobi amene ali ku Dedza ndi ku Maula sadzadutsako. Iwowa adzatsika galimoto pa msika wathu ali chimanjamanja. Mipingo ya kuno, wa Katolika ndi wa CCAP wa sinodi ya Nkhoma pamodzi ndi ina yonse, ingathe kutuma akulu ampingo kukawazonda kamodzi pa mwezi atanyamula sopo ndi ufa, ndipo mafumu ndi anyakwawa angathe kuona kuti dimba la wandende lisagawidwe mwini wake asanabwere.