Kompyuta ya salaula ikafika yokhoma

Makompyuta ambili amene afika m'maofesi a maparishi ndi a makopaletivu a alimi ni a salaula, ocokela kumakampani akunja. Ena amabwela okhoma. Mukayatsa, afuna password ya BIOS, Windows isanayambe n'komwe. Mwini wake wakale ali kutsidya kwa nyanja, koma kuno kaundula wa ubatizo ndi maina a olandila fataleza ziyembekeza kulembedwa.

Kuikamo Windows yatsopano sikuthandiza, cifukwa loko ali pa motherboard. Pa makina akale a patebulo, zulani nthambo ya malaiti, mucotse kabatili kooneka ngati ndalama yacitsulo, CR2032, kwa mphindi zingapo. Ma workstation ambili a Dell ndi HP sagonja conco. Mkati mwake funani kapulasitiki kakang'ono pafupi ndi malemba akuti PSWD. Kacotseni, yatsani makina, zimani, muzulenso nthambo, ndiyeno mukabwezele. Kamasowa msanga, musakaike pansi.

Laptop ndiye yovuta. Kambili imafuna kampani imene inaipanga, ndipo iwo amayamba afunsa lisiti.

Conco musanalipile, yatsani pamaso pa wogulitsa, mudinize F2 pa Dell kapena F10 pa HP. Ikafunsa password, aitsegule yekha. Akakana kulemba lisiti, isiyeni, mwina ni yakuba.