KUSANKHA MPHUNZITSI WAMKULU: PHUNZIRO LOCHOKERA KU PITTSBURGH

Chaka ndi chaka, kumayambiriro kwa mwezi wa Januwale, ndime yoyamba ya mpikisano waukulu wa mpira wa ku America ikangotha, aphunzitsi a matimu ena amagona tulo ta nkhawa. Tsiku lotsatira masewero omaliza a ndimeyo anthu a kumeneko analitcha Black Monday, ndiye kuti Lolemba latsoka, popeza ndilo tsiku limene eni matimu amachotsa ntchito aphunzitsi amene sanachite bwino. Zikatero pamayambika chipwirikiti chofunafuna mphunzitsi watsopano, ndipo si kawirikawiri kuti amene wapezekayo akhalitse. Pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu, nayenso amauzidwa kuti alongedze katundu wake.

Ena mwa owerenga athu afunsa kuti nanga ife zikutikhudza bwanji za masewero a kutsidya kwa nyanja, amene ngakhale mpira wake sitinaugwirepo. Yankho lathu ndi lakuti ntchito yosankha mtsogoleri ndi imodzimodzi kulikonse, ndipo mbiri ya timu ya Pittsburgh Steelers ili ndi phunziro limene aliyense wopatsidwa udindo wolemba anthu ntchito ayenera kulimva.

Poyamba tifotokoze kuti masewerowa ndi osiyana ndi mpira wamiyendo umene tinauzolowera. Mpira wake ndi wowulungika ngati dzira, ndipo amaunyamula m'manja ndi kuponyerana. Mbali iliyonse imalowetsa anthu 11 m'bwalo, koma timu yonse imakhala ndi osewera 53, ndipo m'bungwe lalikulu la National Football League muli matimu 32. Masewero amaima kanthawi kochepa nthawi iliyonse wonyamula mpira akagwetsedwa, ndipo pa kanthawi kameneko aphunzitsi amasankha njira yotsatira. Njirazo ndi zochuluka zedi, kotero kuti osewera amayenera kuziloweza monga ana asukulu alowezera maphunziro awo. Mphunzitsi wamkulu amakhalanso ndi omuthandiza ambiri, aliyense ndi chigawo chake. Motero udindo wake ukufanana kwambiri ndi wa mphunzitsi wamkulu wa sukulu, amene amayang'anira ana ndi aphunzitsi omwe.

Timu ya Steelers inayambitsidwa mu 1933 ndi malemu Bambo Art Rooney mu mzinda wa Pittsburgh, wotchuka ndi mafakitale a zitsulo. Bambowa anali munthu wokoma mtima ndi wokondedwa ndi onse, koma anali ndi chizolowezi chopereka ntchito kwa anzawo apamtima. Mmodzi mwa anzawowo, a Walt Kiesling, anapatsidwa udindo wa mphunzitsi wamkulu katatu konse. Mu 1955 a Kiesling anabweza mnyamata wina wa mumzinda momwemo, Johnny Unitas, osamupatsa mpata woonetsa luso lake. Mnyamatayo anapita ku timu ya Baltimore Colts, ndipo anaithandiza kutenga chikho mu 1958 ndi 1959. Pa zaka 36 zoyambirira, timu ya Steelers inasintha aphunzitsi 13 koma chikho osachiona. Akuluakulu anati chibale ndi fupa sichiola, ndipo izi ndi zoona pamudzi. Koma chibale chikalowa pa ntchito, imaola ndi ntchitoyo.

Mu 1968 timuyi inapambana masewero awiri okha mwa 14, ndipo mphunzitsi, a Bill Austin, anachotsedwa. Ntchito yofuna wina inagwera mwana wa mwini timu, a Dan Rooney, amene anali ndi zaka 36. Poyamba timuyi inafuna munthu wa dzina lotchuka, a Joe Paterno a ku yunivesite ya Penn State, koma iwo anakana. Pamenepo a Don Shula, mphunzitsi wamkulu wa Baltimore Colts, anayamikira mmodzi mwa owathandiza, a Chuck Noll, amene anali asanatsogolerepo timu iliyonse. A Rooney anakumana nawo tsiku lotsatira masewero a chikho cha Super Bowl a pa 12 Januwale 1969, amene a Colts anagonja kwa a New York Jets. Chimene chinawagwira mtima ndi chakuti munthu amene anali atangogonja dzulo lake anatha kufotokoza bwino lomwe za osewera a Steelers, mphamvu zawo ndi zofooka zawo zomwe. Pa 27 Januwale 1969 a Noll analembedwa ntchito ali ndi zaka 37.

Tiyenera kuonetsetsa chimene a Rooney anasankha pa tsiku limenelo. A Noll sanali munthu wolankhula mokweza kapena wokonda kuonekera m'nyuzipepala. Anali atasewera pansi pa a Paul Brown ku Cleveland kuyambira 1953 mpaka 1959, kenaka anathandiza a Sid Gillman kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi a Shula kwa zaka zitatu. Onse atatuwa anali akatswiri pa kuphunzitsa, ndipo a Noll anatengera khalidwe lawo. Ankakhulupirira kuti wosewera, ngakhale wotchuka chotani, ayenera kubwerezedwa zinthu zoyambirira: kaimidwe, kapondedwe ndi kagwiridwe ka mdani. Ankakumbutsanso anyamata awo kuti mpira ndi wa kanthawi, ndi kuti aliyense aziganizira za ntchito imene adzagwira akadzaleka kusewera.

Zotsatira sizinabwere msanga. Mu 1969 timuyi inapambana masewero oyamba okha, kenaka inagonja maulendo 13 otsatizana. Mu 1970 inapambana asanu, ndipo mu 1971 asanu ndi amodzi. Pa zaka zitatu, masewero opambana anali 12, ogonja 30. Eni timu ambiri akanamva madandaulo a ochemerera ndi kuthamangitsa mphunzitsiyo. A Rooney sanatero, chifukwa ankaona zimene zinali kumera pansi. Ku America kuli mwambo wakuti chaka chilichonse matimu amasankha anyamata omaliza maphunziro m'makoleji, ndipo timu imene yachita moipa koposa ndiyo imayamba kusankha. A Noll anagwiritsa ntchito mwayi umenewu mwanzeru: Joe Greene mu 1969, Terry Bradshaw ndi Mel Blount mu 1970, Jack Ham mu 1971, Franco Harris mu 1972. Anamveranso malangizo a Bill Nunn, mtolankhani wa nyuzipepala ya Pittsburgh Courier amene timuyi inamulemba ntchito, yemwe ankadziwa bwino makoleji a anthu akuda amene matimu ambiri ankawanyalanyaza.

Mu 1972 a Steelers anapambana masewero 11, ndipo pa 23 Disembala chaka chomwecho anagonjetsa a Oakland Raiders m'ndime yochotsana, kupambana koyamba kwa mtundu umenewu m'mbiri ya timuyi. Chikho cha Super Bowl anachitenga kanayi pa zaka zisanu ndi chimodzi: mu Januwale wa 1975, 1976, 1979 ndi 1980. A Noll anatsogolera timuyi zaka 23, napuma mu 1991. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira imeneyi banja la a Rooney linaibwereza kawiri. Mu 1992 anasankha a Bill Cowher, a zaka 34, amene anali othandiza ku Kansas City Chiefs. Iwowa anayamba bwino, koma kuyambira 1998 mpaka 2000 timu inalephera kulowa m'ndime yochotsana zaka zitatu zotsatizana. Sanachotsedwe, ndipo mu Febuluwale 2006, m'chaka chawo cha 14, anabweretsa chikho. Iwo atatula pansi udindo mu Januwale 2007, anthu ambiri ankayembekezera kuti mpando upita kwa mmodzi mwa owathandiza awiri odziwika, a Russ Grimm kapena a Ken Whisenhunt. M'malo mwake unapita kwa mlendo wa zaka 34, a Mike Tomlin, amene anali atangotha chaka chimodzi akuyang'anira osewera otchinga ku Minnesota Vikings. Makolo athu anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa. Mu Febuluwale 2009 a Tomlin anatenga chikho pogonjetsa a Arizona Cardinals, amene mphunzitsi wawo anali a Whisenhunt omwe aja. Motero kuyambira 1969 kufikira 2025 timuyi inali ndi aphunzitsi aakulu atatu okha, ndipo onse atatu anatenga chikho.

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Pittsburgh pali mzinda wa Cleveland, kwawo kwa timu ya Browns. Kuyambira 1999 mpaka 2019 timu imeneyi inalemba aphunzitsi aakulu asanu ndi anayi, osawerengera ogwirizira, ndipo awiri mwa iwo anakhala chaka chimodzi chokha. Pa zaka zonsezo inalowa m'ndime yochotsana kamodzi basi. Chifukwa chake sichivuta kuchiona. Mphunzitsi watsopano amabwera ndi omuthandiza ake, njira zake ndi mtundu wa osewera amene akuwafuna, kotero kuti anyamata amene anasankhidwa ndi wapita uja amasanduka osafunikira. Mlimi amene amazula mbande mwezi uliwonse kuti aone ngati mizu yagwira sadzakolola kanthu.

Komabe tisanamizane kuti kudikira pakokha ndi mankhwala. A Browns omwewo anapirira ndi a Hue Jackson, amene anapambana masewero amodzi mwa 16 mu 2016, ndipo mu 2017 anagonja onse 16. Anawasunga ndithu, koma anawachotsa chaka cha 2018 chili mkati. Chaka choyamba cha a Jackson chinafanana ndi cha a Noll. Kusiyana kunaoneka m'zaka zotsatira, pakuti a Noll ankakwera chaka ndi chaka. Ngakhale ku Pittsburgh komweko kudekha kunali ndi mtengo wake. A Noll sanafikenso pa masewero a chikho m'zaka zawo 12 zomaliza, ndipo a Tomlin, atapambana m'ndime yochotsana mu Januwale 2017, sanapambanenso m'ndimeyo mpaka kutha kwa 2025, zimene zinadandaulitsa ochemerera ambiri. Tsono kudikira kumene tikukuyamikira ndi kwa munthu wotsegula maso, amene anasankha mofatsa, amene akudziwa chimene anachiona mwa wosankhidwayo, ndipo chaka chilichonse amafufuza ngati chinthucho chikubala zipatso.

Pali mbali inanso ya nkhaniyi imene sitingaisiye. Munthu sangasankhe woyenera ngati sanamuitane n'komwe kudzamumva. Ngakhale osewera ambiri m'bungweli ndi akuda, kwa zaka zambiri mpando wa mphunzitsi wamkulu unkangozungulira pakati pa azungu odziwana. Mu Januwale 2002 aphunzitsi awiri akuda a mbiri yabwino, a Tony Dungy ndi a Dennis Green, anachoka pa maudindo awo, ndipo maloya awiri, a Johnnie Cochran ndi a Cyrus Mehri, anatulutsa lipoti lodzudzula bungweli. Komiti imene a Dan Rooney anali wapampando wake inakonza lamulo lakuti timu iliyonse yofuna mphunzitsi wamkulu iyenera kuitana ndi kufunsa mafunso munthu mmodzi kapena kuposerapo wochokera m'mitundu imene inkasalidwa. Lamuloli, limene limadziwika ndi dzina la a Rooney, linayamba kugwira ntchito mu 2003, ndipo chaka chomwecho mkulu wa timu ya Detroit Lions analipitsidwa madola 200,000 kaamba kolinyozera. A Dungy, amene anasewera ndi kuphunzira ntchito pansi pa a Noll, anakhala mphunzitsi wakuda woyamba kutenga chikho cha Super Bowl mu Febuluwale 2007.

Lamulo lokha silisintha mtima wa munthu. Mu 2022 mphunzitsi wina wakuda, a Brian Flores, anasumira bungweli ponena kuti matimu ena amaitana anthu mwa chiphamaso chabe, atasankha kale amene akumufuna. Amene anakhalapo pa komiti yolemba anthu ntchito akudziwa kuti chinyengo chotere sichipezeka ku America kokha. Kufunsa munthu mafunso mtima uli kale kwa wina ndi kumunyoza iyeyo, ndiponso kudzimana mwayi wopeza luso limene sitinaliyembekezere.

Kwa akuluakulu a m'maofesi ndi m'masukulu, amene kawirikawiri amakhala pa mipando yosankha anzawo, ife tikuti phunziro la ku Pittsburgh lili ndi mbali zitatu. Choyamba, tiitane onse oyenera ndi kuwamvetsera moona mtima, osayang'ana chibale, kwawo kwa munthu kapena kutchuka kwa dzina. Chachiwiri, tifune munthu wodziwa ntchito mpaka kumizu ndi wotha kuphunzitsa ena, pakuti wolankhula mokoma pa tsiku la mafunso si nthawi zonse amakhala wogwira ntchito. Chachitatu, tikasankha tisamusiye yekha kapena kumuweruza ndi zotsatira za chaka chimodzi. Mphunzitsi wamkulu amene walandira sukulu yogwa sangaidzutse ndi mayeso a chaka choyamba. Tiyang'ane ngati mwambo wabwerera, ngati aphunzitsi akufika pa nthawi yake, ndi ngati ana a m'makalasi apansi ayamba kuwerenga.

Udindo wa wosankha sutha pa tsiku lolengeza dzina. Pamene a Noll ankagonja maulendo 13 otsatizana, amene anali pa mayeso enieni anali a Rooney, ndipo kupirira kwawo ndiko kunapulumutsa zikho zinayi zija. Tsono ngati mtsogoleri amene tinamusankha tokha walephera, tisanamuloze chala tiyambe tadzifunsa mmene tinamusankhira, ndi mmene tinamuthandizira atalowa pa ntchito.