Misasa ya abusa a ng'ombe ku Slovenia

Sabata ino ndikutengerani kuphiri la Velika Planina, m'dziko la Slovenia ku Ulaya. Abusa akumeneko amakwera ndi ng'ombe kuphiriko mu Juni, n'kutsika nazo mu Sepitembala chisanu chisanafike.

Miyezi yonseyi amagona m'misasa yamatabwa. Madenga ake, ofolera ndi timatabwa, amatsika mpaka kufupi ndi pansi. Kale mbusa ankagona m'chipinda chapakati, ziweto zitam'zungulira pansi pa denga lomwelo.

Asilikali a Germany adatentha misasayi mu 1945, koma eni ake adaimanganso poti ulimi wao udatsamira pomwepo. Ng'ombe zikakhala kuphiri, udzu wakuchigwa umakula bwino, ndipo amaumweta n'kuusungira nyengo yachisanu.

Phunziro ndikutolapo ine n'lakuti msipu nawonso umafuna kupuma.