Kasankhidwe ka eriyo ya wailesi ya ova-ova ya pagalimoto ndi paboti

Tonse tikudziwa mmene nyanja yathu imakhalira mwera ukayamba kuomba miyezi yozizira. Injini ya boti ikazima usiku pakati pa nyanja, moyo wa anthu onse amene ali m'botimo umadalira kuti uthenga ufike kumtunda msanga. Mafoni a m'manja athandiza kwambiri, koma netiweki imatha munthu akapita kutali ndi gombe kapena akakhala kuseri kwa mapiri. Nchifukwa chake wailesi zolankhulirana, zimene ambiri timangoti ova-ova, zikadali zofunika pa boti lolondera nyanja ndi pa galimoto imene imayendera madooko.

Kuyambira chaka cha 1993 pamene asodzi a ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire adayamba kugwira ntchito limodzi ndi boma posamalira nsomba, udindo wa makomiti a BVC wakhala ukukula. Kugula ndi kusamala zipangizo za komiti ndi mbali imodzi ya udindowu. Pogula wailesi anthu ambiri amangofunsa mphamvu yake ndi mtengo, eriyo nkuiiwala. Komatu wailesi yodula yokhala ndi eriyo yolakwika simveka patali, ndipo ingathe kupsa. Tiyeni tione zoyenera kudziwa tisanatulutse ndalama za komiti.

Yambani ndi chilolezo

Bungwe la MACRA ndi limene limapereka chilolezo chogwiritsa ntchito wailesi zotere m'dziko muno, ndipo ndi lomwe limanena mafunde a wailesi amene mwaloledwa kulankhulirapo. Musagule eriyo musanadziwe mafundewa, chifukwa eriyo iliyonse amaidula kutalika kwake molingana ndi mafunde ake. Wailesi za pamadzi zimagwiritsa ntchito mafunde otchedwa VHF, a pakati pa 156 ndi 162 MHz, ndipo tchanelo 16 ndi yoitanira chithandizo pangozi pa dziko lonse lapansi. Eriyo yaifupi ya mafunde amenewa imatalika pafupifupi masentimita 48. Eriyo ya mtundu womwewo ya mafunde a UHF a 450 MHz imatalika pafupifupi masentimita 16 okha. Mukaika eriyo ya UHF pa wailesi ya VHF, mphamvu yambiri ya wailesi situluka, imabwerera m'kati nkutenthetsa wailesiyo.

Kukwera kwa eriyo kumaposa mphamvu ya wailesi

Mafunde a VHF amayenda molunjika ngati kuwala. Sakhota kutsatira nyanja ndiponso sadutsa phiri. Monga mmene munthu woima pachulu amaonera boti lakutali kuposa wokhala pamchenga, eriyo ikakwezedwa imamvekanso patali.

Tiyerekeze motere. Ngati eriyo ya paboti ili mamita 2 kuchokera pamadzi, ndipo ya pagalimoto imene yaima pagombe ilinso mamita 2, awiriwa angamvane pa mtunda wa makilomita pafupifupi 11 kapena 12. Eriyo ya kumtunda ikakwezedwa pa mtengo wa mamita 9, mtundawo umafika makilomita pafupifupi 18. Galimoto yomweyo ikakaima pamalo okwera mamita 25 pamwamba pa nyanja, mtunda umapitirira makilomita 25. Wailesi ya m'manja nthawi zambiri imakhala ya mawati 5, ndipo yomangirira m'boti kapena m'galimoto imafika mawati 25, koma ngakhale ya mawati 25 singamveke ngati phiri latchinga. Poganizira kuti nyanja ya Malawi ndi yotambalala makilomita oposa 70 malo ena, komiti iliyonse idziwe chitunda cha pafupi ndi dooko lake pamene galimoto ingakaime uthenga ukamavuta.

Mitundu itatu ya eriyo

Mtundu woyamba ndi waufupi uja wa masentimita 48. Eriyo imeneyi imamwaza mafunde mbali zonse ndi m'mwamba momwe, ngati nyali ya siginala imene imawalitsa ponseponse koma pafupi. Ndi yoyenera galimoto yoyenda madera a mapiri monga ku Nkhata Bay ndi ku Nankumba, kumene msewu umatsika m'zigwa ndi kukwera zitunda. Sikodwakodwa m'nthambi za mitengo ndipo siithyoka msanga.

Mtundu wachiwiri ndi wautali, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20, wokhala ndi waya wopiringizika patsinde. Uwu umasonkhanitsa mafunde nkuwaponya chopingasa, ngati tochi imene imaunika patali koma malo ochepa. Ndi woyenera madera athyathyathya monga ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Chilwa.

Mitundu iwiriyi imafuna chitsulo chotambalala pansi pake, chifukwa denga la galimoto limagwira ntchito ngati theka lina la eriyo. Popanda chitsulocho eriyo imakhala yosakwanira.

Mtundu wachitatu, wotalika pafupifupi mita imodzi, safuna chitsulo pansi pake. Uwu ndi umene uyenera kuikidwa pa boti la matabwa kapena la fayiba, komanso pa kanope ya galimoto imene si yachitsulo. Pogula funsani mosapita m'mbali kuti, kodi eriyo imeneyi igwira ntchito popanda denga lachitsulo?

Pa eriyo za paboti pamalembedwa nambala monga 3 dB, 6 dB kapena 9 dB. Nambala ikakula, eriyo imatalika ndipo mafunde ake amapita patali koma mopyapyala. Wogulitsa angakuuzeni kuti yaikuluyo ndiye yabwino. Pa sitima yaikulu nzoona. Koma boti laling'ono likamapendeka ndi mafunde a mwera, eriyo yotere imaponya mawu m'madzi kapena kumwamba, ndipo womvera kumtunda amamva modukizadukiza, nthawi yomwe uthenga ukufunika kwambiri. Kwa maboti athu a chilimila ndi olondera, eriyo ya 3 dB ndi yokwanira.

Malo omangirira

Pa galimoto malo abwino kuposa onse ndi pakati penipeni pa denga. Eriyo yomangidwa pa bampala kapena kuseri kwa kabini imatchingidwa ndi galimoto yomweyo, ndipo imamveka mbali imodzi yokha. Pali eriyo za maginito zimene zimangomata padenga osaboola. Izi ndi zothandiza ngati komiti imachita kubwereka galimoto, koma zimagwa pa misewu yokumbika, zimabedwa mosavuta, ndipo waya wake umaphwanyika podutsa pachitseko. Galimoto ikakhala yogwira ntchitoyi nthawi zonse, ndi bwino kuboola denga ndi kumanga eriyo ndi nati. Ngati galimoto imanyamula madengu a usipa kapena makoka padenga, katundu asatsamire eriyo.

Pa boti mangani eriyo pa mtengo wolimba, pamalo okwera, kutali ndi injini ndi pokokera makoka. Eriyo iime chilili nthawi zonse. Yogona kapena yopendeka imataya mphamvu yambiri polankhula ndi ina yoimirira.

Waya ndi polumikizira

Mavuto ambiri a wailesi amayambira pa waya. Waya wa wailesi ya ova-ova ndi wa maomu 50, monga wotchedwa RG-58. Waya wa TV ndi wa maomu 75. Amaoneka ofanana koma musausinthanitse. Waya akhale wamfupi mmene mungathere, pakuti akamatalika mphamvu imatayika m'njira. Ngati eriyo ili pa mtengo wautali pa dooko, gulani waya wonenepa monga RG-213. Musalumikize zidutswa ndi manja ngati waya wa magetsi. Polumikizira pakulungidwe bwino ndi tepi yosalowa madzi, chifukwa madzi akalowa m'waya amachititsa dzimbiri m'kati mosaoneka.

Mukamaliza kumanga, mmisiri wa wailesi ayeze ndi kachipangizo kotchedwa SWR. Muyezo ukakhala 1.5 kapena kutsikira pansi, zonse zili bwino. Ukapitirira 2, pali cholakwika ndipo chikonzedwe musanayambe kugwiritsa ntchito.

Zoyenera kukumbukira

Musadine batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe.

Munthu asagwire eriyo pamene wina akulankhula pa wailesi.

Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayandikira, zimitsani wailesi, chotsani waya ndipo mukhale patali ndi mtengo wa eriyo.

Dalaivala asamale mawaya a magetsi ndi nthambi zotsika ngati eriyo ndi yaitali.

Boti lisananyamuke, yesani kulankhula ndi a kumtunda kuti mutsimikize kuti mukumvana, ndipo onani kuti batire ndi lodzadza.

Komiti isankhe munthu mmodzi woyang'anira wailesi, ndipo mlembi alembe m'buku mtundu wa eriyo, tsiku logula ndi zotsatira za muyezo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndalama za komiti ndi thukuta la asodzi, ndipo amene ali m'boti usiku ndi ana athu, amuna athu ndi abale athu. Musanagule eriyo khalani pansi monga komiti, muyankhe mafunso atatu awa: mafunde amene taloledwa ndi ati, eriyo ikakhala pa chitsulo kapena pa matabwa, ndipo dera lathu ndi la mapiri kapena lathyathyathya? Mukatero kaonaneni ndi mlangizi wa zausodzi wa m'dera lanu kuti akuthandizeni kupeza mmisiri woyenera.