Chimene Owerenga Anadandaula pa Buku la Breaking Dawn

Pa 2 Ogasiti 2008, ku America kunatuluka Breaking Dawn, buku lachinayi la nkhani ya Twilight yolembedwa ndi Stephenie Meyer. Nkhaniyi ndi ya mtsikana, Bella, amene akonda Edward, mmodzi wa zolengedwa zosakalamba zimene chakudya chake ndi magazi. Tsiku loyamba lokha anagulitsa mabuku oposa 1,000,000. Koma pasanapite nthawi owerenga ena anayamba kulimbikitsana kuti abweze mabukuwo kusitolo.

Dandaulo lawo linali ili. M'mabuku oyambawo mlembi anawachenjeza kuti Bella akadzasanduka monga Edward, adzalekana ndi makolo ake ndiponso sadzabala. Tsono m'buku lachinayili sataya kanthu: akwatiwa, abala mwana asanasanduke, ndipo aonanabe ndi atate wake. Ngakhale nkhondo yolimbana ndi a Volturi, imene owerenga anaidikira pa masamba ambiri, ithera m'kukambirana chabe. Mphunzitsi aliyense amene anasimbirapo ana nthano adziwa kuwinya kotere, pakuti ana salola kuti Kalulu atchere msampha nthano yonse, Fisi n'kupita kwawo osakodwa.

Enanso anaipidwa poona mtima wa Jacob, amene kale anafuna Bella, ukumangika kwa khanda lakelo.