MAU A AKAZI A KU AFGHANISTAN AMVEKA M'JONI MUNO

Abale athu a m'migodi, ambiri a inu munasiya mai ndi ana ku mudzi. Pamene inu muli pansi pa nthaka, mai ndiye agwira banja: apita ku msika, apita ndi mwana ku cipatala, alipira sukulu. Tsono lero timve za dziko limene akazi anamangidwa manja.

Dzikoli ndilo Afghanistan, ku Asia, loyandikana ndi Pakistan. Kumeneko kunali nkhondo zaka zoposa 40, ndipo inasiya akazi amasiye ambirimbiri. Pa 15 August 2021 gulu la Taliban linalanda mzinda waukuru wa Kabul ndi kuyamba kulamulira.

Caka comweco atsikana analetsedwa kupitirira kalasi 6, ndipo mkazi analetsedwa kuyenda ulendo woposa mamailosi 45 popanda mwamuna wace kapena mlongo wace. Mu December 2022 akazi anacotsedwa ku yunivesite ndi pa nchito za mabungwe othandiza osauka. Mu December 2024 anatsekerwanso maphunziro a unamwino ndi uzamba. Nanga mai wamasiye adyetsa bwanji ana ace? Nanga mai wapakati adzamciritsa ndani mawa?

Nkhani imeneyi inafika m'Joni muno pa 5 December 2023, tsiku limene Nelson Mandela anakwanitsa zaka 10 cimwalirire. Pa msonkhano womkumbukira, ku Joburg Theatre ku Braamfontein, analankhula Malala Yousafzai. Iyeyu ndi wa ku Pakistan. Mu 2012, ali ndi zaka 15, a Taliban a kwao anamuombera ndi mfuti cifukwa colimbikitsa atsikana kuphunzira. Anacira, ndipo mu 2014 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

Malala anati zimene aona akazi a ku Afghanistan ndi apartheid ndithu, koma yosankha pakati pa mwamuna ndi mkazi. Anapempha maiko, ndi South Africa yemwe, kuti tsankho lotere lilembedwe m'malamulo a dziko lonse lapansi monga mlandu waukuru. Mau awa sanali acilendo kuno. Pa 9 August 1956 akazi okwana 20,000 anapita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana citupa cimene cinali kuwamanga miyendo.

Thandizo lina linacokera mu Africa momwe muno. Mu August 2021 dziko la Rwanda linalandira sukulu yogonera pompo ya atsikana ya ku Kabul, dzina lace SOLA. Mtsogoleri wace, Shabana Basij-Rasikh, anaturuka ndi anthu pafupifupi 250, ana, aphunzitsi ndi abale ao, ndipo maphunziro anapitirira kumeneko. Mu 2023 BBC nayo inayamba kuulutsa maphunziro m'zinenero za Dari ndi Pashto, kuti otsala m'nyumba aziphunzira.

Akuru anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire. Afghanistan ndi kutali, ndipo ife sitingatsegule sukulu zao ndi manja athu. Koma kambani nkhaniyi ndi anzanu madzulo mukaweruka, kuti akaziwa asaiwalike. Ndipo potumiza ndalama ku mudzi mwezi ukatha, musalembe dzina la mnyamata yekha. Lembaninso la mtsikana, ndi kuuza mai kuti fizi yace ndi iyi. Khomo limene kwao linatsekedwa ndi mfuti, kwathu tisalitseke ife eni.